KODI ZILEMBO ZATSOPANO ZINGAWOLOKE SHIRE?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Kwa Mfumu Nyachikadza, m'boma la Nsanje, munthu safikako pa galimoto. Dziko lake lili kutsidya kwa Shire, m'madambo ochita malire ndi Mozambique, ndipo aliyense wopita kumeneko, kaya ndi mphunzitsi, kaya mlangizi wa zaulimi, kaya kalaliki wa kalembera, ayenera kutsikira kudooko ndi kukwera bwato, limene eni dziko amalitcha mwadiya. Chilichonse cholembedwa chimene chimafika kwa anthu amenewa chimawoloka m'bwato lomwelo, apo ayi chimadza pa foni ya m'manja. Tayamba ndi malo amenewa chifukwa nkhani yathu lero ndi ya maonekedwe a zilembo, ndipo m'Malawi muno sitikuona bwalo lina loyenera kuweruzirapo mlandu wa zilembo koposa kumeneko.

Ena mwa awerengi athu, makamaka a m'maofesi, adzafunsa kuti: kodi chilembo chili ndi mlandu wanji? A ndi A basi. Koma aphunzitsi a Sitandade 1 sadzafunsa chotero, pakuti iwo amadziwa kuti mwana wofuna kuphunzira liwu limodzi lokhalo amakumana ndi nkhope zitatu: A wamkulu wonga denga la nyumba, a wozungulira amene mphunzitsi amalemba pa bolodi, ndi a wina wa mbedza pamutu amene amapezeka m'mabuku osindikizidwa ndi m'nyuzipepala. Chilembo cha g nachonso chili ndi nkhope zake zingapo. Ndipo m'mitundu ina ya zilembo za pa kompyuta, I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1 zimafanana ngati ana amapasa. Wamkulu amene anazolowera kuwerenga saona vuto, koma mwana wa kwa Nyachikadza, amene kunyumba amayankhula Chisena ndipo kusukulu akumana ndi Chichewa ndi Chingerezi pa nthawi imodzi, amasenza katundu yenseyu pamodzi ndi wa chilankhulo.

Zoyesayesa za kunja

Zilembo zimene tikulemba nazo lero zinaumbidwa ndi anthu, ndipo anthu sanaleke kuziumbanso. Ku Ulaya, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kunabuka amisiri amene anatopa ndi mizere yowongoka ya m'mabuku. Mtaliyana wina, Filippo Tommaso Marinetti, anasindikiza mu 1914 buku lotchedwa Zang Tumb Tumb, m'mene mawu anamwazika pa tsamba, ena aakulu, ena aang'ono, ena opendekeka, kuti diso limve phokoso la nkhondo. Ku France, Guillaume Apollinaire anatulutsa Calligrammes mu 1918, ndakatulo zosanjidwa ngati zithunzi, ina mawu ake akutsetsereka pa tsamba monga mvula. Awa anali alakatuli, ndipo cholinga chawo chinali kudzidzimutsa.

Ena anayesa ndi cholinga chosiyana, ndicho kupeputsa. Pa sukulu ya luso ya Bauhaus ku Germany, Herbert Bayer anajambula mu 1925 alifabeti yopanda zilembo zazikulu, ponena kuti munthu poyankhula satchula A wamkulu mosiyana ndi wamng'ono, choncho palibe chifukwa chophunzirira zizindikiro ziwiri pa liwu limodzi. Ndipo ku Britain, kuyambira mu 1957, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert anakonza zilembo za zikwangwani za pamsewu, zimene zinaimikidwa panja ndi kuwerengedwa ndi anthu ali chapatali Boma lisanazivomereze. Mwa onsewa, awiri otsirizawa ndiwo ayenera kukhala aphunzitsi athu, chifukwa chilembo chawo chinalawa dzuwa chisanalowe ntchito.

M'Africa muno kuyesa zilembo kunali ndi kulemera kwina, pakuti funso silinali la kukongola kokha ayi, koma lakuti zilembo 26 za Aroma zingakwanire bwanji mawu a zilankhulo zimene Aroma sanazimvepo. Cha m'ma 1928 bungwe lina la akatswiri a zilankhulo za m'Africa, limene likulu lake linali ku London, linalangiza zilembo zowonjezera, china mwa izo ŋ, choimira liwu loyamba la mawu akuti ng'ombe. Ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, Clement Doke anapereka mu 1931 kalembedwe ka Chishona kokhala ndi zilembo zisanu ndi chimodzi zachilendo. Kunena za nzeru, zilembo zake zinali zolondola ndithu: liwu lililonse linali ndi chizindikiro chake. Koma makina a tayipi a m'maofesi analibe zilembozo, ndipo osindikiza ambiri analibe mtovu wake. Mu 1955 zonse zisanu ndi chimodzi zinachotsedwa. Ife kuno tinakhalabe ndi ng' wathu wa nkhodolero, amene ngakhale sali wokongola, makina alionse amatha kumulemba.

C, ch ndi w wa kachipewa

Nafenso tili ndi mbiri yathu. Amene anaphunzira m'sukulu za mishoni kale, ndi amene akusungabe mabuku a makolo awo, adzakumbukira kuti kunkalembedwa cinthu, cifukwa, nchito. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa 1968 unasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko. Bungwe la Chichewa linakhazikitsidwa mu 1972. Ndipo malamulo ake a kalembedwe a 1973 ndiwo anakhazikitsa chinthu, chifukwa, ntchito. Abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka sanatsatire, ndipo mabuku a sukulu a ku Zambia amati Cinyanja. Chilankhulo n'chimodzi, koma malire a dziko analowa pakati pa c ndi h.

Kumunsi kwa Shire malire amenewa ndi a tsiku ndi tsiku. Munthu wa kwa Nyachikadza ali ndi abale mbali zonse ziwiri, amagula ndi kugulitsa mbali zonse ziwiri. Ku Mozambique kalembedwe kovomerezedwa kamati Cisena pamene ife timati Chisena, ndipo maina a malo ambiri anasunga kalembedwe ka Chipwitikizi, kamene kamalemba nh pamene ife timalemba ny. Tauni ya Nhamayabué, m'boma la Mutarara, ikanakhala kuno bwenzi dzina lake likuyamba ndi Ny monga la Nyachikadza. Akalaliki amene analembapo maina a anthu othawa madzi m'misasa adzavomereza kuti si nkhani ya masewera: munthu mmodzi angathe kukhala anthu awiri m'kaundula, ndipo wina angathe kusowamo, chifukwa cha h ndi y.

Nanga ŵ uja wovala kachipewa, amene kwa zaka zambiri ankaoneka m'dzina la Malaŵi? Buku Loyera la 1998 linamusunga, ndipo olemba Chitumbuka ambiri amamufuna, koma nyuzipepala ndi makalata ambiri a Chichewa anamusiya. Zifukwa zilipo zingapo, china n'chakuti anthu ochuluka samusiyanitsanso ndi w wamba poyankhula. Koma china ndi cha makina: pa tayipi yakale kalaliki anayenera kubweza makina m'mbuyo kapena kuika kachipewako ndi cholembera, ndipo ntchito ikachuluka kachipewa kanali koyamba kuiwalika. Tibweranso kwa ŵ kutsogoloku.

Ntchito ya Bambo Mwangwego

Kuyesa kwakukulu kopambana konse m'dziko muno ndi kwa Bambo Nolence Moses Mwangwego, mphunzitsi wa zilankhulo wa kwa Kyungu ku Karonga, amene anabadwira ku Mwinilunga, m'dziko la Zambia, mu 1951. Iwo sanafune kuwonjezera chilembo chimodzi kapena ziwiri. Anafuna kalembedwe kathunthu ka Amalawi. Maganizowa anawadzera mu 1977 ali ku Paris, ataona kuti mitundu yambiri ya anthu imalemba ndi zilembo zawozawo. Anayamba kujambula mu 1979, nakhala akukonza mpaka 1997. Munthu amene athera zaka 18 pa ntchito imene palibe anamutuma ayenera kumvedwa bwino tisanamuweruze.

Kalembedwe kake kamayenda motere. Pali zizindikiro zoyamba 32 zotchedwa misisi, ndipo chilichonse chimawerengedwa ndi liwu la a m'kati mwake: ba, cha, da, ka, ma. Pofuna be, bi, bo kapena bu, wolemba sasintha musisi, koma amalumikizako kachizindikiro kakang'ono. Tizizindikiro timeneti ndi masiri. Palinso gulu lachitatu, mituyo, imene imasintha katchulidwe m'njira zina, monga kuika liwu la m'mphuno patsogolo kuti ba akhale mba, kapena kuwonjezera mpweya kuti ka akhale kha. Kulemba kumayambira kumanzere kunka kumanja monga tinazolowera, ndipo palibe zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Pa mfundo yotsirizayi a Mwangwego ndi Herbert Bayer anafika pa doko limodzi, ngakhale anadzera njira zosiyana.

Aphunzitsi adzaona msanga nzeru imene ili m'menemu. Chichewa, Chisena, Chiyao, Chilomwe ndi Chitumbuka zonse zimamangidwa ndi maphatikizo otsiriza ndi lembo la liwu, ndipo kuyambira masiku a buku la Sosa ana athu akhala akuphunzira kuwerenga poimba maphatikizo. Alifabeti ya Aroma imaphwanya phatikizo kukhala zidutswa, kenaka mphunzitsi amavutika kuzilumikizanso. Dzina la Nyachikadza lili ndi zilembo 11 za Aroma, koma pakamwa lili ndi maphatikizo anayi okha, Nya-chi-ka-dza, ndipo kalembedwe ka a Mwangwego kamalilemba m'magulu anayi, monga khutu limamvera. Kuwonjezera apo anaikamo chizindikiro cha kukweza liwu, chimene kalembedwe kathu ka masiku onse kalibe. Tonse timalemba mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika mofanana, khungu la thupi ndi khungu la maso mofanana, n'kumusiya wowerenga adzipezere yekha tanthauzo.

Pali mbali imodzi imene sitigwirizana nawo kwenikweni. A Mwangwego anaganiza kuti popeza zilankhulo zathu zili ndi mawu akeake akuti kulemba, ndiye kuti makolo athu anali ndi zilembo zimene zinatayika. Koma mawu akuti kulemba ndi otakata kuposa pamenepo. Woumba mbiya amalemba mizere pa khosi la mbiya yake, ndipo amene anajambula pa miyala ya ku Chongoni, m'boma la Dedza, pamalo 127 amene bungwe la UNESCO linawalandira mu 2006, analembanso. Zizindikiro zimenezo zinali ndi tanthauzo kwa ozidziwa, makamaka pa chinamwali, koma sizinaimire maphatikizo a mawu. Ndipo kunena zoona, ntchito ya a Mwangwego siifuna umboni wotere kuti iime. Mfumu Njoya ya Abamum ku Cameroon inayamba zilembo zake cha m'ma 1896 ndi zizindikiro pafupifupi 500, nizichepetsa pang'onopang'ono mpaka 80. Solomana Kanté anapanga N'Ko mu 1949. Onsewa anayamba zatsopano, ndipo ulemu wawo suchepa chifukwa cha chimenecho.

Choko, burashi ndi foni

Tsono tibwerere kudooko. Chilembo chilichonse, chakale kapena chatsopano, chofuna kukhala ndi moyo kwa Nyachikadza chiyenera kudutsa m'manja atatu.

Dzanja loyamba ndi la mphunzitsi wogwira choko. Pano zilembo za a Mwangwego zili ndi mwayi wake, popeza zinabadwa ndi cholembera, osati ndi makina. Chovuta chake ndi masiri ndi mituyo: tizizindikiro tating'ono ndito timanyamula theka la tanthauzo, ndipo pa bolodi lofumbwa, m'kalasi la ana ochuluka, mwana wokhala kumbuyo ndi amene amayamba kutaya tating'onoting'ono. Akuluakulu amene maso awo ayamba kuchita chimbuuzi adzanena chimodzimodzi. Wojambula aliyense wofuna kuthandiza ntchitoyi ayambire pamenepa, kukulitsa ndi kunenepetsa tizizindikiroto mpaka tioneke kwa wokhala pa mzere wotsiriza.

Dzanja lachiwiri ndi la wolemba zikwangwani. Amisiri amenewa sitiwawerengera, koma ndiwo akhala akuyesa zilembo m'dziko muno koposa wina aliyense. Pa makoma a magolosale a ku Nsanje, ku Bangula ndi ku Nchalo, pa maminibasi, pa njinga za kabaza ndi pa mabwato, amatambasula chilembo kuti chidzaze thabwa, amachipanikiza malo akachepa, amachipatsa mthunzi, nthawi zina amatembenuza N kapena S osadziwa. Ophunzira amaseka N wotembenuka, koma amaiwala kuti mmisiriyo amadziwa zimene ofesi siidziwa: kuti dzuwa la kuchigwa limafafaniza utoto wofiira msanga, kuti chilembo chowonda chimasowa munthu akaima patali, ndi kuti mawu atatu aakulu amawerengedwa pamene mawu makumi atatu aang'ono amangodutsidwa. Zikwangwani zambiri za mabungwe zimene zimaima m'mbali mwa misewu ya kuchigwa zimakonzedwa pa kompyuta m'tauni, zizindikiro za opereka ndalama zili ndandanda, uthenga weniweni uli m'tizilembo tonga nyerere.

Kwa Nyachikadza zimenezi zimakhudza moyo. Madzi anamiza dera limeneli mu Januwale 2015, ndipo chigwa chonse chinavutikanso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Boma lakhala likupempha anthu kuti asamukire kumtunda, ndipo ambiri safuna kusiya nthaka ya chonde imene imawapatsa chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe pamene kumtunda kuli gwa. Mlandu umenewo si wa nkhani ino. Koma malinga ngati anthu ali komweko, chikwangwani chosonyeza kothawira, mlingo wa madzi wojambulidwa pa mzati, ndi dzina la mudzi pa thumba la chithandizo ziyenera kuwerengeka ndi munthu amene ali m'bwato, mvula ikugwa, mtima uli m'mwamba.

Dzanja lachitatu ndi la makina, ndipo ndi lomwe linagonjetsa Doke. Makompyuta ndi mafoni a dziko lonse amagwirizana pa kaundula mmodzi wa zilembo wotchedwa Unicode, m'mene chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Zilembo zimene sizili m'kaundulamo sizingatumizidwe ngati mawu kuchokera pa foni ina kupita pa ina. Wolandira amaona timabokosi topanda kanthu. N'Ko inalowa mu 2006. Zilembo za Adlam, zimene anyamata awiri a pachibale, Ibrahima ndi Abdoulaye Barry, anapangira chilankhulo cha Afulani ku Guinea mu 1989, zinalowa mu 2016, ndipo tsopano zimapezeka m'mafoni ndi m'makompyuta wamba. Zilembo za a Mwangwego zapemphedwa malo m'kaundulamo, koma pofika chaka cha 2024 zinali zisanalowe. Chimene tiyenera kuona pa nkhani ya Adlam n'chakuti makina anabwera pambuyo: anthu anayamba aphunzitsana okha m'mabanja ndi m'misika, nakopera mabuku pamanja, kwa zaka zoposa makumi awiri.

Apa ndi pamene ŵ uja abwereranso, pakuti ngakhale chilembo chimene chili kale mu Unicode chingathe kukhala ndi msonkho wake. Uthenga wamba wa pa foni, wa SMS, umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu laling'ono limene linasankhidwa ku Ulaya pamene mafoni amenewa ankayamba. M'gulu limenelo mulibe ŵ. Munthu akangoika ŵ mmodzi yekha, uthenga wonse umasinthira ku njira ina imene imanyamula zilembo 70 zokha. Chomwechonso chimachitika ngati nkhodolero ya mu ng'ombe kapena m'madzi ili yopindika, ya mtundu umene kompyuta imaika yokha polemba kalata, m'malo mwa yowongoka. Kalaliki amene alemba chenjezo la madzi osefukira pa kompyuta, nalikopera kuti litumizidwe ku mafoni zikwi zambiri, angathe kuwirikiza mtengo wake kawiri kapena katatu, ndi kuligawa m'zidutswa, osadziwa kuti wachititsa ndi kanthu kochepa ngati nsabwe. Tikukayika ngati zimenezi zimaphunzitsidwa m'maphunziro a akalaliki.

Kodi tikunena kuti zilembo za a Mwangwego zilowe m'sukulu za kwa Nyachikadza mawa? Iyayi. Mwana amene akulimbana kale ndi zilankhulo ziwiri zimene si za amayi ake sayenera kusenzetsedwa kalembedwe kachiwiri, ndipo mayeso, mapepala a kuchipatala ndi makalata a Boma zidzakhalabe m'zilembo za Aroma. Malo oyamba a zilembo zatsopanozi ndi m'manja mwa amisiri: pa nsalu, pa zikuto za mabuku, pa zikwangwani za malo a mbiri pambali pa zilembo zozolowereka, m'makalabu a sukulu za sekondale ndi m'makoleji a aphunzitsi. Kumeneko zingathe kuyesedwa, kunenepetsedwa ndi kukonzedwa popanda kuika mwana pa chiswe. Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe, amene anatsegula sukulu ya luso la zojambula ya ZIVA ku Harare mu 1999 natulutsa buku la Afrikan Alphabets mu 2004, wakhala akulimbikitsa ojambula achinyamata kutenga zilembo za m'Africa ngati nkhokwe ya luso lawo. Ophunzira athu a zojambula angathe kuchita chimodzimodzi ndi misisi.

Pakali pano pali zazing'ono zimene sizifuna lamulo la Nyumba ya Malamulo. Bungwe la SIL International linakonza mtundu wa zilembo wotchedwa Andika, wopangidwira ongoyamba kumene kuwerenga: a ndi g ake amafanana ndi a pa bolodi, I, l ndi 1 amasiyana bwino, muli ŵ ndi ŋ, ndipo umaperekedwa ulere. Mphunzitsi wamkulu wotayipa mayeso a Sitandade 2 angathe kuusankha lero. Ofesi ya boma yoitanitsa chikwangwani cha kutsidya ingathe kuyamba yafunsa mmisiri wa burashi wa pa Nsanje kuti mawu angati angakwane, kulemba uthengawo m'Chisena pamodzi ndi Chichewa, ndi kuimika thabwalo pagombe kuti wina akaliwerenge ali pakati pa mtsinje ndalama zisanalipidwe. Ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Bungwe la Chichewa mu 1996, ndiyo ingathe kukhala pansi ndi anzake a ku Mozambique kuti dzina la munthu wa m'malire likhale ndi kalembedwe kamodzi kodziwika m'makaundula a mbali zonse ziwiri za Shire.